Mwera ukaleka, alendo a makaiti amatani?

ITEPELA, Ngauma. Miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti ndi miyezi ya mphepo kuno ku Niassa. Ku Itepela, ku Massangulo ndi ku Mandimba amayi amaima pabwalo ndi malichero kuuluza nyemba, ndipo ana amamanga makaiti a mapepala a pulasitiki ndi timitengo ta nsungwi n'kumathamanga nawo m'bwalo la mpira. Mphepo yomweyi ikatsikira kunyanja imatchedwa mwera. Asodzi a ku Meponda, ku Metangula ndi ku Cobuè akaiona amakokera mabwato awo pamchenga n'kukhala pansi, chifukwa palibe munthu wanzeru amene amalimbana ndi mwera. Koma pali anthu ena, ambiri a iwo ochokera kunja, amene amalipira ndege ndi malo ogona kuti adzapeze mphepo yomwe asodzi athu amaithawayo. Awa ndi osewera masewero otchedwa kitesurf. Vuto lawo ndi losiyana ndi la msodzi: iwo amadandaula tsiku limene nyanja yachita bata.

Kwa inu awerengi amene simunaonepo masewerowa, tifotokoze kaye. Munthu amaima pa kathabwa kakang'ono, kotalika ngati mita imodzi ndi theka kapena kucheperapo, mapazi atalowa m'timalamba. M'chiuno amamanga lamba wolimba. Pa lambayo amakolekapo kandodo kamene amagwira ndi manja onse awiri, ndipo kuchokera pa kandodoko pamachoka zingwe zinayi kapena zisanu zotalika mamita 20 mpaka 25. Kumapeto kwa zingwezo ndi kumene kuli kaiti, chimene m'Chipwitikizi timati papagaio. Si kaiti ya ana ayi. Ndi chinsalu chachikulu cholimba, choti mutachiyala pansi chikhoza kudzaza chipinda chogona, ndipo m'mphepete mwake amapopamo mpweya ngati tayala la njinga kuti chikagwera m'madzi chisamire. Mphepo ikalowa m'nsaluyo imakoka munthu pamwamba pa madzi mwaliwiro loposa boti la injini. Odziwa bwino amadumpha nayo m'mwamba mamita angapo n'kuteranso pamadzi bwinobwino.

Masewerowa si akale. Kaiti yopopa mpweya anaipanga anthu awiri apachibale a ku France, Bruno ndi Dominique Legaignoux, ndipo analembetsa luso lawolo mu 1984. Panapita zaka zoposa khumi anthu asanailabadire. Inayamba kutchuka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pa chilumba cha Maui ku Hawaii, kumene mpikisano woyamba unachitika mu 1998. Kuchokera apo masewerowa anafalikira kulikonse kumene kuli madzi ndi mphepo.

Kuno ku Moçambique anafikira kugombe la nyanja yamchere. Anthu akhala akusewera ku Costa do Sol mumzinda wa Maputo, ku Ponta do Ouro, ku Vilankulo m'chigawo cha Inhambane, ndi ku Murrébuè kummwera kwa Pemba, ngakhale kuti nkhondo imene inayamba ku Cabo Delgado mu 2017 inachepetsa alendo kumeneko. Abale athu amene anapita kukagwira ntchito ku Cape Town amawadziwa bwino anthu amenewa, chifukwa ku gombe la Bloubergstrand makaiti amadzaza kumwamba ngati akakowa nyengo ya mphepo ikafika. Pa nyanja yathu ino ya Niassa osewera ndi ochepa. Dzina limene limamveka kwambiri ndi la chilumba cha Likoma, chimene ndi cha dziko la Malawi koma chili m'madzi a mbali yathu, moyang'anizana ndi Cobuè. Kumeneko malo ogona alendo otchedwa Kaya Mawa akhala akuitanira anthu okonda makaiti m'miyezi ya mwera. Amene anatcha dzina limeneli mwina ankanena za kachitidwe ka zinthu pachilumba, koma kwa munthu wodikira mphepo palibe dzina lina loyenera kuposa limeneli. Ukafunsa kuti mphepo ibwera liti, yankho ndi lomwelo: kaya, mawa.

Kaiti siuluka ndi kamphepo kayaziyazi. Kuti munthu wamkulu aimirire pa thabwa wamba pamafunika mphepo yothamanga makilomita pafupifupi 20 pa ola kapena kuposa, ndiye kuti mphepo yoti nyanja yayamba kuonetsa thovu loyera apa ndi apo. Ikachepera apo kaiti imangolendewera kenako n'kugwa. Choncho wosewera amakhala ndi makaiti awiri kapena atatu, yaing'ono ya mphepo yamphamvu ndi yaikulu ya mphepo yofooka. Katundu yense pamodzi, akakhala watsopano, amadya ndalama zoposa madola 1,000, zokwana kugula njinga yamoto. Ndiye taganizani munthu amene wanyamula chikwama chonsecho kuchokera ku Johannesburg kapena ku Lisboa, wapempha tchuthi cha masiku khumi kuntchito, wafika pagombe, ndipo nyanja ili phee ngati madzi a m'mbale. Amadzuka m'mamawa kuyang'ana masamba a mitengo. Amatola mchenga n'kuuwaza m'mwamba kuti aone kumene ukupita. Amatsegula foni kuona zolosera za nyengo pa Windguru kapena pa Windy, kutseka, patapita mphindi zochepa kutsegulanso, ngati kuti mphepo ili m'foni.

Musaganize kuti zimenezi zimagwera ophunzira okha. Mu 2024 masewero a kaiti analowa koyamba mu mpikisano wa Olimpiki, ndipo anachitikira pa nyanja ya ku Marseille ku France. Akatswiri a dziko lonse anasonkhana, makamera a wailesi zakanema ali chire, koma mphepo inakana. Mipikisano yambiri imene inakonzedwa inalephereka, osewera ankangokhala padzuwa kudikira. Kwa amayi anapambana Eleanor Aldridge wa ku Britain pa 8 Ogasiti. Mpikisano womaliza wa abambo sunathe tsiku limenelo, anachita kuupitiriza mawa lake pa 9 Ogasiti, pamene Valentin Bontus wa ku Austria anatenga mendulo ya golide. Ngati a Olimpiki ndi ndalama zawo zonse anauzidwa kuti kaya mawa, nanga mlendo wa pa Likoma ndani?

Nyanja imodzi, anthu osinthana

Anthu a m'mbali mwa nyanja ali ndi maina a mphepo zawo. Mwera umachokera kummwera, mpoto umachokera kumpoto ndipo umamveka kwambiri nyengo ya mvula, vuma amachokera kum'mawa, zambwe kumadzulo. Mwa zonsezi mfumu ndi mwera. Umayamba cha mu Meyi n'kufika mu Ogasiti kapena Seputembala. Gwero lake ndi mpweya wozizira wochokera ku nyanja yamchere ya Indian kummwera chakum'mawa. Mpweyawo ukafika kuno umapeza chigwa chachitali chokhala ndi mapiri uku ndi uku, ndipo umadutsamo ngati madzi mu mpaipi. Nyanjayi ndi yotalika makilomita oposa 550, choncho mafunde amakhala ndi mtunda wokwanira woti akule mpaka kuposa msinkhu wa munthu. Koma mwera suwomba tsiku ndi tsiku. Umabwera masiku angapo motsatizana, kenako umaleka, nyanja n'kugona, kufikira mpweya wina wozizira utafika. Masiku a pakatiwa ndi amene amasowetsa mtendere alendo a makaiti.

Masiku omwewo ndi amene msodzi amapezera ndiwo ndi ndalama. Usipa amaupha usiku ndi chilimira. Bwato limodzi limanyamula nyali zowala, mwini wake amene amamutcha siginala amakopa nsomba kuti zisonkhane pansi pa kuwalako, ndipo anzake amazungulira ndi khoka. Ntchito imeneyi imafuna madzi odekha ndi mdima wopanda mwezi. Mwera ukakhala sabata yathunthu matandala oyanikira nsomba amakhala opanda kanthu, ndipo ife a kumtunda timazimva m'thumba: mulu wa usipa pamsika wa Mandimba kapena wa Cuamba umachepa, mtengo uli womwewo kapena wakwera. Ndiye mukaona bwino, msodzi ndi mlendo wa kaiti ali ngati anthu awiri obwerekana khasu limodzi. Wina akamalima wina akudikira. Tsiku limene mlendo akuseka pamafunde, msodzi akusoka ukonde pansi pa mtengo. Tsiku limene mlendo wagwira tsaya, msodzi akukankhira bwato m'madzi.

Pali chinanso chimene akatswiri ofufuza za nyanjayi anapeza, chimene chimaonetsa kuti mwera si mdani wa msodzi monga timaganizira. Ukawomba masiku ambiri umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto. Kummwera kwa nyanja madzi ozizira a pansi amakwera kudzalowa m'malo mwake, ndipo amabwera ndi chonde chimene chinakhazikika pansi. Chonde chimenecho chimameretsa tizomera ting'onoting'ono ta m'madzi, tizilombo timadya tizomerato, usipa n'kudya tizilomboto. N'chifukwa chake mbali ya kummwera, cha ku Mangochi, ndi imene ili ndi nsomba zambiri. Mphepo imene imagoneka asodzi ndi njala sabata ino ndi yomwe ikuthira manyowa m'munda mwawo.

Kudikira mphepo si chinthu chachilendo pa nyanja ino. Kalekale makaiti asanabwere, ngalawa za matanga zinkawoloka ndi anthu ndi katundu, ndipo pakati pa Cobuè ndi Likoma zakhala zikunyamula nkhuni, ufa ndi anthu opita kuchipatala. Woyendetsa ngalawa yotere amadziwa kuti usiku ndi m'bandakucha kamphepo kamatsika kuchokera kumapiri kupita kunyanja, ndipo dzuwa likatentha masana kamabwerera kuchokera kunyanja kupita kumtunda. Amanyamuka potsata nthawi zimenezo. Kamphepo kakatha ali pakati, amatsitsa thanga n'kugwira nkhafi, apaulendo n'kumaphika nkhani. Ku Malawi kulinso mpikisano wa maboti a matanga umene unayamba mu 1984. Wakhala ukuchitika mu Julayi, kuyambira ku Mangochi mpaka ku Chintheche, mtunda wa makilomita oposa 500, ndipo anasankha mwezi umenewu dala chifukwa cha mwera. Nawonso amakumana ndi masiku amene boti limangoyandama pamalo amodzi dzuwa likuwotcha.

Apa pali mfundo imene aliyense wofuna kubweretsa masewerowa ku gombe lathu ayenera kuimvetsa, chifukwa ndi nkhani ya moyo. Bata loopsa si la pamchenga ayi, koma limene limapeza munthu ali kale kutali. Mphepo ikaleka mwadzidzidzi kaiti imagwera m'madzi ndipo siukanso. Munthu amatsala ndi kathabwa, zingwe zitamuzinga, gombe lili kutali. Ayenera kukulunga zingwezo, kugona pa kaiti yake n'kumapalasa ndi manja, kapena kudikira boti. Mbali yathu ya nyanja ili ndi vuto linanso. Ife tili kum'mawa, ndipo mwera ukapendekera kummwera chakum'mawa umachokera kumtunda kulowera pakati pa nyanja. Mphepo yotere imafika modukizaduka chifukwa yadutsa m'mapiri, komanso imakankhira munthu kutali ndi gombe m'malo momubweza. Ophunzitsa masewerowa kulikonse amaletsa kulowa m'madzi ndi mphepo yochokera kumtunda ngati palibe boti lopulumutsa. Ndipo pasakhale wonyoza nyanjayi poti ndi ya madzi akumwa. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya, yatsopano ndi yachitsulo, inamira ndi namondwe kumpoto kwa nyanjayi pafupi ndi Chilumba, ndipo anthu 145 anafa.

Tsiku lopanda mphepo

Nanga tsono alendowa amatani mphepo ikasowa? Ena amalimbana nazo ndi zida. Amatulutsa kaiti yaikulu kwambiri. Ena amagwiritsa ntchito thabwa lamtundu wina lotchedwa foil, limene pansi pake pali mwendo wautali ndi phiko longa la ndege. Likayamba kuyenda phikolo limanyamula thabwa lonse kulichotsa m'madzi, munthu n'kumaoneka ngati akuyenda m'malere. Popeza madzi samugwiranso, kamphepo kochepa kamamukwanira. Ndi thabwa limeneli limene ankagwiritsa ntchito ku Marseille, ndipo monga tanena, nalonso lili ndi malire. Pakakhala bata lenileni palibe chida chimene chingathandize. Otsala amachapa makaiti, kumata mabowo, kuyeza zingwe ngati zatalika mofanana, monga momwe msodzi amachitira ndi ukonde wake tsiku la mwera.

Koma ntchito imeneyo imatha m'mawa umodzi. Pambuyo pake mlendo amayamba kufunsa kuti kuno kuli chiyani china. Pa nyanja ya Niassa yankho loyamba lili pansi pa madzi. Mafunde akaleka matope amakhazikika, madzi amayera moti munthu ali m'bwato amaona miyala pansi. Amene wavala galasi losambira ndi kapaipi kopumira amaona mbuna, tinsomba ta m'miyala ta buluu, tachikasu ndi tamizeremizere, timene ana a kugombe satiwerengera n'komwe chifukwa mulibe nyama yokwanira ndiwo. Nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba mazanamazana, yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ndipo yambiri siipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake mu 2011 boma linalengeza kuti mbali yathu ya nyanjayi ndi malo otetezedwa, Reserva do Lago Niassa. Azungu ena amasunga tinsomba timeneti m'magalasi m'nyumba zawo ku Ulaya. Kutiona kwawo kwenikweni kumafuna tsiku lopanda mphepo, ndipo munthu amene anabwera kudzauluka amapezeka atatha tsiku lonse nkhope ili m'madzi.

Ena amabwereka timaboti topalasa n'kumazungulira magombe. Ena amapempha msodzi kuti awaphunzitse kukhala m'bwato losema, chinthu chimene chimaoneka chophweka kufikira utayesa n'kugudubuka ana akukuseka. Pa Likoma amapita kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter, chimene amishoni a Anglican anayamba kumanga mu 1903. Kumbali yathu kuli tchalitchi chakale cha Messumba ndi gombe la Chuanga pafupi ndi Metangula. Kummwera kwa Cobuè kuli gombe la Nkwichi, lotchedwa choncho chifukwa cha kulira kwa mchenga wake ukaupondapo, kumene malo ogona alendo anatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 mogwirizana ndi midzi ya dera la Manda, ndipo anthu a m'midzimo ankaperekeza alendo kukayenda m'nkhalango. Madzulo kuli mpira pamchenga, ndipo pansi pa mtengo wa mango pali bawo. Mlendo amene wakhala pa bawo ndi mkulu wa m'mudzi amaphunzira msanga kuti sukulu ya ku Ulaya siithandiza pa kuwerenga njere.

Apa ndi pamene pagona nkhani kwa ife. Tsiku la mphepo mlendo wa kaiti safuna munthu. Amadya kumene wagona, amapopa kaiti yake, amalowa m'madzi, amatuluka atatopa, amagona. Ndalama yake yonse imathera kwa mwini malo ogona, amene nthawi zambiri si mwana wa pamudzipo. Tsiku la bata zinthu zimatembenuka. Amafuna bwato ndi wopalasa. Amafuna wina womuperekeza kuphiri, wina womubwereketsa njinga, wina womuphikira nsima ya kondowole ndi chambo chowotcha. Amalowa mumsika, amagula kapulana, nthochi, mphasa. Ndalama imene ikanagona m'chikwama imatuluka pang'onopang'ono n'kulowa m'manja ambiri. Choncho tsiku limene mlendo amaliona ngati lotayika ndi limene mudzi ungapindule nalo, ngati pali wina amene wakonzeka. Ngati palibe, mlendoyo amangokhala pakhonde ndi buku ndi botolo la mowa, ndipo chaka chamawa amapita ku Zanzibar.

Wina anganene kuti zimenezi ndi za anthu a ku Lago, ife a ku Ngauma, Mandimba ndi Cuamba tilibe nyanja yaikulu. Zoona. Koma tili ndi njira. Mlendo wochokera ku Nampula pagalimoto amadutsa pa Cuamba, amayenda makilomita pafupifupi 150 kufika pa Mandimba, enanso pafupifupi 150 kudzera ku Massangulo kufika ku Lichinga, ndipo kuchokera apo amatsetserekera ku Meponda, makilomita ngati 60, kapena ku Metangula, makilomita oposa 100. Wochokera ku Malawi amalowera pa chipata cha Chiponde ndi Mandimba. Kale msewu umenewu, N13, unali wafumbi chilimwe ndi wamatope dzinja, ndipo ulendo wa Cuamba mpaka Lichinga unkadya tsiku lonse. Ntchito yothira phula inatha mu 2021. Njanji ya Cuamba ndi Lichinga, ya makilomita 262, imene imadutsa kuno ku Itepela, inakonzedwanso n'kutsegulidwa mu 2016. Phula lili ndi ubwino ndi kuipa kwake: limabweretsa mlendo msanga, limamuchotsanso msanga. Kale galimoto inkaima chifukwa yatitimira. Lero iyenera kukhala ndi chifukwa china choimira.

Zifukwa zilipo. Munthu amene waona pa foni kuti mphepo sibwera masiku anayi alibe changu chofikira kunyanja. Ku Cuamba kuli mapiri a Mitucué, amene amaonekera mumzinda momwe, ndi njira zokwera mpaka kudamu, mitsinje yozizira ndi mathanthwe oti okonda kukwera miyala angatherepo masiku. Ku Massangulo kuli mishoni ya Akatolika imene ansembe a Consolata anayambitsa mu 1928 motsogozedwa ndi bambo Pietro Calandri. Tchalitchi chake cha njerwa zofiira chili patsinde pa phiri, pakati pa anthu achiyao amene ambiri ndi Asilamu, ndipo mbiri ya mmene magulu awiriwa anakhalira limodzi ndi yoti mlendo angakhale pansi kuimva. Mapiri a Ngauma ndi ozizira bwino m'miyezi yomweyo ya mwera, njira za njinga zili ponseponse, ndipo anyamata athu amene amakwera zitunda zimenezi atanyamula matumba a makala sangalephere kutsogolera munthu amene wangonyamula botolo la madzi.

Palinso nyanja zathu zazing'ono, Amaramba ndi Chiuta, kummwera kwa Mandimba, kumene mtsinje wa Lugenda umayambira ulendo wake wopita ku Rovuma. Mphepo imawomba kumeneko, malo ndi a chidikha, ndipo wina angaganize kuti kaiti ingauluke bwino. Ife tikuti ayi. Madzi ndi osaya, odzaza bango ndi udzu, maukonde a asodzi ali ponseponse, ndipo muli ng'ona ndi mvuu. Madzi odekha a m'bango ndi kwawonso kwa nkhono zofalitsa likodzo, matenda amene mlendo ayenera kuuzidwa mosabisa, kaya ku Amaramba kaya m'magombe ena a nyanja yaikulu. Chimene nyanja zimenezi zingapereke ndi ulendo wa pabwato m'mawa kukacha, ndi wopalasa wodziwa kumene mvuu zimagona, kukaona mbalame za m'madambo. Umenewonso ndi ulendo wa tsiku la bata.

Tisanamizane, alendo a makaiti sadzabwera mazanamazana. Niassa ili kutali, ndege yopita ku Lichinga ndi yodula, ndipo mphepo ya ku Cape Town ndi ya kugombe la nyanja yamchere ndi yodalirika kuposa yathu. Amene angagulitse mbuzi zake kuti amange nyumba ya alendo podalira makaiti okha adzalira. Koma zimene mlendo wa kaiti amafuna tsiku la bata ndi zomwezo zimene amafuna mphunzitsi wa ku Nampula amene ali patchuthi, wogwira ntchito m'mabungwe wa ku Lichinga Loweruka, kapena banja la ku Blantyre limene lawoloka malire. Onsewa amafunsa mafunso amodzimodzi: njira yokwera phiri ili kuti, atiperekeze ndani, ndalama zingati, tikadya kuti. Pakali pano mayankho ake amadalira mwayi. Chikwangwani palibe, mtengo umatchulidwa poyang'ana nsapato za wofunsa, ndipo mnyamata amene amadziwa phiri lonse sadziwa kuti kudziwa kwakeko ndi ntchito. Mlendo ndi mame, akuluakulu anatero, ndipo amene wadyeredwa kamodzi amakauza anzake khumi.

Zofunika si zambiri ndipo sizifuna nduna kuchokera ku Maputo. Mafumu ndi akuluakulu a boma m'madera angathe kugwirizana za anyamata ndi atsikana odziwika operekeza alendo, ndi mtengo umodzi wolembedwa poyera. Chilankhulo si vuto lalikulu monga ena amaganizira, popeza ambiri kuno anakulira kapena anaphunzira ku Malawi nthawi ya nkhondo, asanabwerere pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa 1992, ndipo Chingerezi amachimva. Kugombe, eni maboti a injini angapangane ndi eni malo ogona kuti mlendo akalowa m'madzi ndi kaiti boti limodzi likhale tcheru, mafuta alimo, malipiro atagwirizana kale. Tsiku la mwera botilo silipita kokapha nsomba ndi kale. Ndipo zolosera za nyengo zimene mlendo amaona pa foni yake zingathandizenso msodzi, pamodzi ndi machenjezo a INAM amene amaulutsidwa pa Rádio Moçambique. Mlendo amafuna kudziwa tsiku limene mwera uyambe kuti apope kaiti. Msodzi amafuna kudziwa tsiku lomwelo kuti asagone pakati pa nyanja ndi chilimira.